Kodi gulu la Sant'Egidio limene mwana wanga walowa ndi lotani?

Mayi wa ku Chisitu

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndine Mkatolika wa kuno ku Mulanje, ndipo ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere. Mwana wanga wamkazi atalemba mayeso a Fomu 4 anakakhala kwa azakhali ake ku Blantyre, kumene anadziwana ndi achinyamata a gulu lotchedwa Sant'Egidio. Chibwerereni kumudzi, Loweruka lililonse amalawirira pamodzi ndi anzake anayi kupita kwa agogo ena a m'mudzi woyandikana ndi wathu, amene anthu amawasala chifukwa chowaganizira za ufiti. Amakawatungira madzi, kuwachapira ndi kuwasesera pakhomo, moti tsiku lina anabwerako manja ali matuza okhaokha chifukwa chowaza nkhuni. Madzulo ake amakumana kuti awerenge Baibulo ndi kupemphera.

Zoti mwana azithandiza okalamba sindidana nazo, popeza ndi zimene tinamuphunzitsa. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti masiku ano mipingo ikungophuka ngati bowa, ndiye ndikuopa kuti mwana angatengedwe pang'onopang'ono mpaka kusiya Misa. Komanso kuchigayo anthu ayamba kunong'ona kuti agogowo amuphunzitsa ufiti, pomwe bambo ake akungofunsa ngati ntchitoyi ili ndi malipiro. Amene mukulidziwa gululi, ndiuzeni: kodi ndi la Mpingo wathu, nanga analiyambitsa ndani?

Mphunzitsi wopuma wa ku Chitakale

Mayi, pa nkhani ya Mpingo mtima wanu ukhale m'malo. Sant'Egidio ndi gulu la akhristu eni ake, ndiye kuti anthu wamba okwatira ndi osakwatira omwe, amene amapitiriza ntchito zawo za tsiku ndi tsiku. Si chipani cha asisiteri kapena cha ansembe, choncho mwana wanu sadzachita malumbiro aliwonse. Likulu la Mpingo ku Vatican linalivomereza mu 1986 ngati bungwe la akhristu la pa dziko lonse.

Chiyambi chake chikufanana ndithu ndi zimene mukuona pakhomo panu. Mu 1968 mnyamata wina wa sekondale ku Rome, Andrea Riccardi, ali ndi zaka 18 zokha, anasonkhanitsa anzake kuti aziwerenga Mthenga Wabwino, kenaka anayamba kupita m'zisakasa za kunja kwa mzindawo kukaphunzitsa ana a anthu osauka. Dzina limene likutivuta kutchulali analitenga ku katchalitchi ka Sant'Egidio, m'dera la Trastevere, kumene anakhazikika mu 1973. Makalasi aja ndiwo anabala zimene lero amazitcha Sukulu za Mtendere. Mu 1982 anayamba mwambo wodyera pamodzi ndi osauka pa tsiku la Khirisimasi, mkati mwa tchalitchi la Santa Maria in Trastevere, ndipo mwambowu unafalikira m'maiko ambiri, kuphatikizapo kuno kwathu, kumene amakauchitiranso m'ndende. Papa Francis atawayendera mu 2014 anamanga moyo wawo wonse m'mawu atatu, omwe ndi pemphero, osauka ndi mtendere.

Ku Malawi kuno ambiri amalidziwa gululi kudzera mu DREAM, ntchito yosamalira anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, imene inayambira ku Mozambique mu 2002 isanafike m'malo monga Blantyre, Balaka ndi Mtengowanthenga. Palinso BRAVO, yothandiza kuti ana alembedwe m'kaundula wa boma akabadwa. Mwina apa ndi pamene bambo a mwanayo amvera za malipiro. Zipatalazo zili ndi madokotala ndi anamwino olembedwa ntchito, koma kukhala m'gululi si ntchito, ndipo wotungira madzi agogo salandira kanthu.

Mlimi wa ku Muloza

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma asiya mbali imene ife a m'malire sitingaiiwale. Ndinali kamnyamata cha m'ma 1986 pamene nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo inafika povuta ku Milange, tsidya lina la malire ku Mozambique. Usiku tinkamva mfuti ngati zikulira kuseri kwa nkhokwe, ndipo kukacha tinkaona mizere ya anthu akuwoloka mtsinje, mitolo ili pamutu, ana ali kumsana. Mayi anga analandira banja la anthu asanu ndi awiri m'khitchini yathu yaudzu. Sindiiwala mayi wa banjalo, amene anafika atanyamula mphika umodzi ndi nkhuku yomanga miyendo, ndipo kwa mlungu wathunthu ankati akamva chitseko chikumenyetseka amagwa chafufumimba n'kuphimba mwana wake. Ambiri mwa iwo anali Alomwe anzathu, ena achibale enieni, moti panalibe zofunsana kuti ndiwe yani. Dziko lathu linasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi.

Tsono zokambirana zimene zinathetsa nkhondoyo zinachitikira ku nyumba ya Sant'Egidio ku Rome. Zinayamba mu Julaye 1990 ndipo zinatenga zaka zoposa ziwiri, amkhalapakati ake ali Riccardi yemweyo, Bambo Matteo Zuppi amene tsopano ndi kadinala, Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira, ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italy. Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano, pulezidenti wa Mozambique pa nthawiyo, ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, anasaina pangano la mtendere. Nthawi imeneyo dzina la gululi sitinkalidziwa n'komwe, tinangoona alendo athu akumanga katundu, ndipo ndinadzamva mochedwa kuti anthu amene analibe asilikali kapena chuma ndiwo anakhazika pansi adani awiri aja. Lero ndimakwera njinga kupita ku Milange kukagula chimanga n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Mdzukulu wa mayi a nkhuku aja timakumana pa msika wa Limbuli, amagulitsa nsomba zouma.

Bambo wa ku Thyolo, mkulu wa mphakati

Ine ndilankhulako mosiyana pang'ono, ndipo mundikhululukire ngati ndikuthira madzi pamoto. Mbiri yabwino ya gulu ku Rome siitanthauza kuti aliyense wotchula dzina lake m'mudzi mwathu ndi woona. Namondwe wa Freddy atawononga mu Malichi 2023, kwathu kunafika anthu a bungwe lina, limene sindilitchula, atavala malaya olembedwa bwino. Analemba maina athu, anatijambula titaima pa zibuma za nyumba zathu zakugwa, ndipo mpaka lero sitinawaonenso. Choncho, mayi, pitani kwa bambo mfumu a parishi yanu mukawafunse ngati anawa akudziwika, komanso ngati amalumikizana ndi akuluakulu a gululi ku Blantyre. Wina akadzayamba kutolera ndalama za kalembera kapena kulonjeza ntchito ndi maulendo a kunja, mudzadziwe kuti zapotoka.

Dandaulo langa lina ndi la mphakati. Kuyendera odwala ndi okalamba ndi udindo umene tinapatsidwa kale m'miphakati yathu, ndipo a Lejiyo ya Maria akhala akuchita zimenezi kuyambira kale. Ndimaopa kuti achinyamata akapeza gulu la dzina lachilendo amayamba kuona mphakati ngati wa nkhalamba. Komabe ndivomere, ngakhale zikundiwawa, kuti agogo onenedwa ufiti ifenso a mphakati timawalambalala, ndipo mwina n'chifukwa chake ana atitsogolera.

Za kunong'ona kwa kuchigayo musazipeputse. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma tonse tamva za okalamba amene anamenyedwa kapena kuwotcheredwa nyumba mwana wina atangodwala malungo. Amfumu a m'mudzimo adziwitsidwe za maulendowa, ndipo atsikanawo asamapite okha.

Mtsikana wa m'gululi, Luchenza

Amayi, ine ndili m'gululi kwa zaka zitatu, ndipo Misa sindinasiye, ndimaimba kwaya ku parishi kwathu. Zimene anena bambo a ku Thyolo ndi zoona, sitilipiritsa munthu aliyense ndipo sitilonjeza ntchito. Chimene timaphunzitsidwa ndi chakuti wosauka si munthu wongomupatsa thumba la ufa n'kuchoka, koma ndi mnzathu amene tiyenera kumudziwa dzina ndi kubwererako mlungu wotsatira, ngakhale tilibe chonyamula. Agogo amene ine ndimawayendera anatenga miyezi iwiri asanandilole kulowa m'nyumba, chifukwa ankaganiza kuti ndatumidwa kudzafufuza zithumwa. Tsopano ndikachedwa amakandidikirira pamsewu, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kuphika kalongonda mosathamanga, kutaya madzi ake mpaka ululu wonse utatha.

Pa za ndalama, timakumbutsana kawirikawiri za Floribert Bwana Chui, wa m'gulu lathu ku Goma m'dziko la Congo. Ankagwira ntchito yoyendera katundu wolowa pachipata, ndipo anaphedwa mu 2007 ali ndi zaka 26 atakana ziphuphu zoti alole chakudya chowonongeka kulowa mumzinda. Mpingo unamulengeza kukhala Wodala mu Juni 2025.

Mayi wa ku Chisitu

Zikomo nonse, makamaka inu bambo a ku Thyolo, chifukwa mwandiuza zimene sindinkafuna kumva. Dzulo itatha Misa yachiwiri ndinakaonana ndi bambo mfumu, ndipo anati anawa anabwera kale kudzadzionetsa, kungoti mwana wanga sanandiuze poopa kuti ndimukaniza. Kwa amfumu tipita Lachinayi pamodzi ndi bambo ake, amene nkhani ya malipiro aisiya monyinyirika. Loweruka likubwerali ndaganiza zomuperekeza ndekha, ndipo ndapatula kale nandolo ndi kabotolo ka mafuta ophikira. Agogowo ndimawadziwa, tinkathyola nawo tiyi ku esiteti ndili mtsikana, koma papita zaka zisanu ndi chimodzi ndisanaponde pakhomo pawo, moti sindikudziwa kuti ndikayambira pati powalonjera.