Thalauzi yanji yokwerera Mulanje?

Wa ku Chilomoni:
Abale ndithandizeni, mwezi wamawa tikukwera Mulanje ndi anzanga akuntchito, tiyambira pa Likhubula kukagona ku Chambe. Ndivale thalauzi yanji? Ulendo watha ndinakwera Michiru nditavala jinzi, eee pobwerera ntchafu zinasupuka ndikuyenda ngati bakha mpaka pa siteji.

Mkulu wa ku Ndirande:
Jinzi iwalani achimwene. Ikanyowa imalemera ngati thumba la simenti ndipo siuma msanga, pamwamba paja chiperoni chikakupezani munjenjemera usiku onse. Pezani ya nayiloni yopepuka yotamuka pang'ono m'mabondo, poti pali malo ena mumakwera mukugwira miyala ndi manja. Yanga ndinaitola pa kaunjika ku Limbe, ili ndi zipi pabondo, dzuwa likaswa mtengo ndimachotsa miyendo nkukhala kabudula. Pogula njutani kaye pomwepo osachita manyazi, ikakoka kumbuyo isiyeni.

Mayi a Mapasa:
Za kabudulazo ine ayi, udzu wa mame m'mawa umacheka miyendo ndiye nkhupakupa nazonso. Matumba akhale a zipi, foni yanga inapulumuka m'thumba ku Soche sikirini yonse phwaa. Tengani ina youma yogonera muimange mu jumbo, kumtunda kuja kumazizira zoopsa.

Wa ku Chilomoni:
Nanga trakisuti?

Mkulu wa ku Ndirande:
Ya thonje yokhuthala ija igonereni basi, imamwa thukuta. Kwa Sapitwa, mamita 3,002 aja, musaiyerekeze nkomwe.