Rauta yachiwiri yasokoneza netiweki ya kasitomala

Wofunsa: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Kasitomala wanga rauta yake ili pabalaza, koma Wi-Fi sikufika kuchipinda chakumapeto. Za mesh, zida zingapo zogwirira ntchito limodzi kufalitsa Wi-Fi m'nyumba monse, wakaniratu, akuti thumba silikulola. Ndiye ndinatenga rauta yake yakale, n'kuiika kuchipindako, n'kukoka waya wa netiweki wa Cat5e wa mamita 25 kuchokera pa rauta ya pabalaza. Panopa mafoni ena akulumikizika koma intaneti palibe. Ndaphonya pati?

Woyankha woyamba: Achimwene, pa rauta yakaleyo wayayo mwamulowetsa pa WAN, polowera intaneti, kapena pa LAN, polumikizira zida za m'nyumba?

Wofunsa: Poyamba pa WAN, laputopu inasiya kuiona printa. Nditasinthira pa LAN ndi pomwe mafoni anayamba kuvuta.

Woyankha woyamba: Basi, vuto laoneka. Pa WAN paja munapanga manetiweki awiri, printa uku, laputopu uko. Pa LAN ndiye polondola, koma DHCP ya rauta yakaleyo, yomwe imagawira zida ma adiresi a IP, mwaisiya yoyaka, ndiye marauta onse awiri akulimbirana kugawa ma adiresiwo. Foni ikalandira adiresi kwa yakaleyo, imalozeredwa njira yosafika pa intaneti. Zulani kaye wayayo, lowani mu yakaleyo payokha, zimitsani DHCP. Ngati yaikulu ili pa 192.168.1.1, iyi ipatseni 192.168.1.2, ndipo yaikuluyo iziyamba kugawa kuchokera pa .10 kuti zisawombane. Mukatero bwezerani waya, LAN ku LAN.

Woyankha wachiwiri: Bwanji osangogula repeater, kachida kolandira Wi-Fi n'kuitumizanso patsogolo? N'kuthana nazo msanga.

Woyankha woyamba: Ayi bambo, waya wakokedwa kale. Repeater wamba amalandira ndi kutumiza pa wailesi imodzi yomweyo, liwiro limatsika pafupifupi ndi theka. Kuwonongetsa munthu ndalama pa chinthu chochepa mphamvu kuposa chomwe ali nacho kale, ine sindingavomereze.

Woyankha wachitatu: Ndiwonjezereko pang'ono. Dzina la Wi-Fi ndi password zikhale zofanana ponseponse, chitetezo chikhale pa WPA2, koma matchanelo asiyane. Pa 2.4 GHz ina ikhale pa 1, inayo pa 6 kapena 11.

Wofunsa: Zatheka, akuluakulu! Printa yaoneka, mafoni onse ali pa intaneti. Kungoti link ya pawaya ikuonetsa liwiro la 100 Mbps pomwe marauta onse ndi a gigabit, 1000 Mbps.

Woyankha wachitatu: Ameneyo ndi RJ45 wanu, mutu wa waya uja, achimwene. Gigabit imafuna timawaya tonse 8, pomwe 100 Mbps imayenda ndi 4 tokha, n'chifukwa chake kamodzi mwa 4 totsalato kakapanda kugunda link imangotsika osaduka. Dulani mitu yonse iwiri, mupanenso motsatira T568B, ndondomeko ya mitundu ya timawaya, muyeze ndi tester musanatseke trunking yobisamo waya.

Wofunsa: Kawaya kabulauni sikanafike kumapeto. Ndapananso, yakwera pa 1000. Zikomo kwambiri nonse.