Statement ya ku banki ikufuna password, ndiitsegula bwanji?

NaPhiri wa ku Mufakose:
Abale ndithandizeni. Banki yanditumizira statement pa imelo koma ndikaidina ikufunsa password, ndaika ya pa app yakana ndiye ndangosiya kuopa angandibulokere akaunti. Ikufunika kumene ndikukapempha loni, ndichite bwanji?

Mjomba wa ku Mbare:
Achemwali mtima m'malo, palibe chomwe chibulokedwe. Loko ameneyo ali pa fayilo ya PDF yokhayo, a banki sakuona n'komwe kuti mwalakwitsa, yesani mpaka itheke. Werengani imelo yomweyo mpaka pansi penipeni pa timalemba ting'onoting'ono paja, nthawi zambiri amalemba pomwepo zoti muike. Mabanki amasiyana, ena amafuna nambala ya ID, ena tsiku lobadwa, ena manambala a akaunti. Ikakhala ID ndi pomwe ambiri timagwa chifukwa ID ya kuno ku Zimbabwe ili ndi timizere komanso chilembo chimodzi pakati, ngati zija zoyamba ndi 63 za mu Harare muno, ndiye yesani kulemba zonse mophatikiza opanda timizere opanda mpata, chilembocho chikhale chachikulu. Ikakana bwezeranimo timizereto.

Mai a Chikondi:
Kuwonjezera pa zomwe anena amalumewa, ngati munatsegula akaunti ndi pasipoti ya ku Malawi yesani nambala ya pasipotiyo. Komanso ngati akufuna nambala ya akaunti onetsetsani, ya ZiG (ndalama ya kuno ku Zimbabwe) ndi ya USD sizifanana, mwina mukuika ya inayo. Ndipo idawunilodeni kaye mu foni muitsegule ndi Adobe Acrobat Reader, mkati mwa imelo nthawi zina simatseguka bwino.

Che Banda, Mabvuku:
Ine changa n'chimodzi, chonde musaiponye pa mawebusayiti aja amati amachotsa password ulere. Mmenemo muli dzina lanu, adilesi, malipiro anu, zonse, mukupatsa munthu osamudziwa. Ikatseguka pa kompyuta mu Chrome dinani Print kenako Save as PDF, nthawi zambiri imatuluka ina yopanda loko yoti mutumize. PIN ya khadi musaiike pena paliponse, imelo ikafunsa PIN kapena OTP (nambala yachinsinsi ija banki imatumiza pa foni yogwiritsa ntchito kamodzi kokha) dziwani kuti ndi akuba amenewo. Afunseninso a loniwo ngati akufuna ya sitampu, imeneyo nde mpaka mukafike ku bulanchi.

NaPhiri wa ku Mufakose:
Yatseguka!! Inali ID yopanda timizere, chilembo chachikulu. Zikomo amalume, zikomo nonse. Za sitampuzo ndiwaimbira mawa m'mawa ndisanakwere kombi.