Honda Fit ikunama liwiro chisinthireni matayala

Wa galaja ku Chirimba: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kasitomala wanga wa Honda Fit walipitsidwa chindapusa ndi apolisi a pamsewu panjira ya ku Lunzu, koma akulumbira kuti muvi wa sipidomita sunapyole malire. Akufuna ndimusinthire mita yonse. Sensa ndi mawaya ndaziona, zili bwinobwino. Ndiyambire pati?

Wa matayala ku Limbe: Musanamasule dashibodi achimwene, werengani manambala a pa tayala, muyerekeze ndi kapepala komata pa chitseko cha dalaivala.

Wa galaja ku Chirimba: Pa chitseko palembedwa 175/65 R14. Iye anavalika 185/70 R14, akaunjika. Akuti inkakhula pansi pa mahampu ndi m'maenje a ku Machinjiri.

Wa matayala ku Limbe: Vuto ndi lomwelo, mitayo ilibe mlandu. Iyo siiona msewu, imangowerenga kuti wilo lazungulira kangati, n'kuchulukitsa ndi kukula kwa tayala limene galimoto inatuluka nalo ku fakitale. Tengani foni tiwerengetsere. Rimu ya mainchesi 14 ndi 355.6 mm. Pa 175/65, khoma la tayala ndi 65 peresenti ya 175 mm, womwe ndi mulifupi mwa tayalalo, ndipo makoma ndi awiri, m'mwamba ndi m'munsi: 227.5 mm. Tayala lonse ndi 583 mm. Pa 185/70 makoma akukwana 259 mm, tayala lonse pafupifupi 615 mm. Lakula kupitirira 5 peresenti. Ndiye muvi ukaloza 60 galimoto ili pa 63, ukaloza 100 ili pa 105.

Wa zamagetsi ku Ndirande: Madala anena zoona. Ndiwonjezere kuti magalimoto ambiri amachoka ku fakitale muvi ukuloza mopitirirako pang'ono liwiro lenileni. Dalaivala amazolowera kukankha pang'ono, akudziwa kuti pali kampata. Tayala lalikulu limadya kampata konseko, mwina n'kupyola. Kuti mutsimikize, muyendetseni pamsewu wowongoka, wina agwire foni ya GPS pambali, muyerekeze pa 50 ndi pa 80. Kusiyanako kukamakula liwiro likamakwera, ndi matayala basi.

Wa galaja ku Bangwe: Chimene chimandipweteka ine ndi makilomita. Galimoto ikayenda 100, mita ilemba 95 yokha. Tsiku lothira oyilo limachedwa mwini wake osadziwa, kenako amabwera kudzadandaula kuti ikumwa mafuta, pamene ndi mita ikubisa mtunda. Muonenso mkati mwa madigadi, mupinde chiwongolero mpaka kumapeto. Tayala limeneli likhoza kumakhula mukanyamula anthu kumbuyo.

Wa galaja ku Chirimba: Koma za mahampu sakunama, misewu yathu mukuidziwa. Ndikamuuza abwerere ku 175/65 andithawa.

Wa matayala ku Limbe: Muuzeni kuti pa 32 mm imene tayala lakulayo, galimoto yakwera theka lokha, pafupifupi 16 mm. Ngati akufunabe kakukwera, mupatseni 185/65 R14. Limenelo ndi 596 mm, kusiyana kwake ndi 2 peresenti chabe, pa 60 ndi 61. Koma onse anayi akhale saizi imodzi. Osasakaniza, ABS, yoletsa mawilo kumangika poponda buleki mwamphamvu, imasokonezeka mawilo akamazungulira mosiyana.

Wa zamagetsi ku Ndirande: Muonenso masipuling'i ndi mashoki akumbuyo. Akatopa, galimoto imagwada, tayala lalikulu silingaidzutse.