Kodi ndi nzeru kugula zimbale za nyimbo za malemu Koichi Sugiyama?

Wa ku Zomba:
Abale, ndikupempha nzeru zanu. Msuweni wanga amene akuphunzira ku Japan akubwera kumudzi pa Khirisimasi, ndipo wanena kuti angathe kundigulira zimbale za Symphonic Suite Dragon Quest, zomwe ndi nyimbo zimene Koichi Sugiyama anapekera magemu a pa kanema a Dragon Quest, zoimbidwa ndi okesitira yathunthu. Bamboyu anamwalira pa 30 Sepitembala 2021 ali ndi zaka 90, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikufuna kusunga kanthu komukumbukira. Popeza ndalama zakunja zikusowa kuno, sindingathe kugula zinthu ziwiri. Kodi ndigule zimbalezo, kapena ndigule gemu ya Dragon Quest III HD-2D Remake, gemu yakale yokonzedwanso mwatsopano, imene inatuluka mu Novembala 2024?

Mphunzitsi wa Kwaya:
Achimwene, gulani zimbale, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Pamene Dragon Quest yoyamba inkatuluka pa Famicom, makina a kampani ya Nintendo osewerera magemu, mu 1986, Sugiyama anali kale ndi zaka 55, atagwirapo ntchito ku wailesi ya kanema ya Fuji TV ndiponso atapeka nyimbo zambiri zotchuka za pa wailesi ndi za pa kanema. Makinawo ankangomupatsa mawu atatu otha kunyamula chuni, kuwonjezera pa kaphokoso ka ng'oma, choncho iye analemba monga amalembera munthu amene kwaya yake yatsala ndi sopulano, aluto ndi besi basi: liwu lililonse liyenera kuyenda njira yakeyake, ndipo palibe limene lingabisale kumbuyo kwa linzake. N'chifukwa chake nyimbo ya kunyumba ya mfumu mu gemu yoyamba ija imamveka ngati ya oimba a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1700.

Chofunika kwambiri n'chakuti iye sanadikire kuti ena adzamukonzere nyimbozo. Mu Ogasiti 1987 anachititsa konsati ku Suntory Hall mumzinda wa Tokyo, ndipo anthu ambiri amaiwerenga kuti ndi konsati yoyamba ya nyimbo za m'magemu. Pa zimbale zimene mukunenazo, wotsogolera oimba ndi mwiniwakeyo. Mukamamvetsera, mumamva liwiro limene iye ankafuna, malo amene ankafuna kuti mavayolini atsike mawu, ndi malo amene malipenga ayenera kulowa mwamphamvu. Kwa munthu wofuna kukumbukira wopeka nyimbo, palibe umboni woposa umenewu.

Mnyamata wa Famicom:
Aphunzitsi, ndikulemekeza luso lanu, koma pano sindikugwirizana nanu. Nyimbo zimenezi zinapekedwa kuti zizibwerezabwereza pamene munthu akuyenda m'tchire la mu gemu kwa maola ambiri, ndipo ubwino wake umaonekera pamenepo, chifukwa chuni chimene chingabwerezedwe nthawi yaitali choncho osakutopetsa ndi chosowa kwambiri. Mu gemu yoyamba, nyimbo ya kuphanga imatsika mawu ndi kuchepa liwiro pamene mukulowera pansi, mwakuti mantha amakula ndi sitepe iliyonse. Chimbale sichingakupatseni zimenezo, popeza mumangokhala pampando n'kumamvetsera. Ine ndinganene kuti mugule gemu. Mu HD-2D Remake nyimbo zake zinaimbidwa ndi Tokyo Metropolitan Symphony Orchestra, ndiye mupeza okesitira yomweyo ikugwira ntchito imene nyimbozo zinapekedwera.

Mayi wa ku Leeds:
Pali nkhani ina imene sitiyenera kuidumpha tikamakamba za bamboyu. Mu 2007 Sugiyama anali m'gulu la anthu amene anasaina chilengezo cholipira mu nyuzipepala ya Washington Post, chotsutsa zoti asilikali a Japan anakakamiza amayi kukhala akapolo ogonedwa pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Amayi a ku Korea, China ndi Philippines amene anapulumuka anapereka umboni wawo poyera, ena ali okalamba kwambiri. Ineyo nyimbo zake ndimazikonda, ndipo misozi inalengeza pamene nyimbo yotsegulira Dragon Quest inamveka pamwambo wotsegulira masewera a Olympic ku Tokyo mu Julayi 2021, patangotsala miyezi iwiri kuti amwalire. Komabe ndalama zanga sindifuna kuti zipite ku chuma chake. Sindikukuletsani kugula, achimwene, koma mugule mukudziwa.

Mphunzitsi wa Kwaya:
Mayi, mwalankhula zoona, ndipo nkhaniyo ndi yolemera. Imakhudzanso gemu, chifukwa umwini wa nyimbozo unakhala m'manja mwa kampani yake ya Sugiyama Kobo, moti kugula gemu yatsopano sikukuchotsani m'funso limeneli. Njira imene ndikuiona ndi yakuti msuweniyo akafunefune zimbale zakale m'masitolo ogulitsa zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito monga Book Off, amene ali m'mizinda yambiri ya ku Japan. Kumeneko ndalama imatsala kwa wogulitsa, ndipo kawirikawiri mtengo umakhala wotsika.

Ponena za mfundo ya mnyamata wathu, ndikuvomereza kuti nyimbo ya kuphanga imafuna gemu. Koma nyimbo yotsekera Dragon Quest III, imene imabwera ulendo wonse ukatha, simungamakaimve tsiku lililonse ngati muyenera kusewera maola makumi angapo kuti muifikire.

Wosunga Zimbale:
Ndiwonjezere za kasankhidwe, poti dzina lakuti Symphonic Suite lili pa zimbale zambiri zosiyana. Nyimbo zomwezo zinajambulidwa kangapo: ndi NHK Symphony Orchestra kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndi London Philharmonic Orchestra, kenako ndi Tokyo Metropolitan Symphony Orchestra m'zaka za m'ma 2000. Za ku London zili ndi malipenga amphamvu, pamene za Tokyo Metropolitan zimamveka zoyera bwino m'makutu mwanga. Zina mwa zimbale zoyambirira zinaikanso mawu enieni a Famicom pambali pa okesitira, ndipo zimenezo zingathetse mkangano wa aphunzitsi ndi mnyamatayu, choncho msuweniyo awerenge mndandanda wa nyimbo kuseri kwa chikuto asanalipire. Musayambe ndi bokosi lonse. Chimbale cha Dragon Quest III chokha n'chokwanira kuti mudziwe ngati mungafune zinazo. Mosiyana ndi DVD, CD ya nyimbo ilibe loko yoiletsa kulira m'maiko ena, ndiye idzalira pa wailesi iliyonse yolandira CD, kungoti makompyuta ambiri a masiku ano alibe polowetsa chimbale.

Mnyamata wa Famicom:
Ngati chingapezeke chokhala ndi mawu a Famicom, pamenepo ndilibe chotsutsa, ngakhale ndikuumirirabe kuti tsiku lina mudzasewere gemuyo mpaka kumapeto.

Wa ku Zomba:
Zikomo nonse, makamaka mayi a ku Leeds chifukwa cha nkhani ya 2007. Ndimuuza msuweni wanga kuti akayang'ane chimbale chakale cha Dragon Quest III, makamaka cha NHK chokhala ndi mawu a Famicom, ndipo akachisowa atenge cha Tokyo Metropolitan. Wailesi ya CD ilipo kunyumba kwa mayi anga ndipo ikugwirabe ntchito. A Wosunga Zimbale, kodi mungandilembere dzina la chimbalecho m'zilembo za Chijapani kuti iye akangoonetsa wogulitsa?