Ndinagulitsa mbuzi za eni nthawi ya Freddy, kodi kulapa chamumtima n'kokwanira?

Wa Kutsidya, Makhanga:
Abale mwa Ambuye, ndithandizeni. Mu Malichi 2023, madzi a namondwe Freddy atayamba kuphwa, ndinapalasa bwato kukaona ngati kumudzi kunatsala kanthu. Pa chulu china ndinapeza mbuzi ziwiri zazikazi zikunjenjemera, matope mpaka m'mimba. Iliyonse inali yodulidwa nsonga ya khutu lakumanzere, ndipo chizindikirocho ndinkachidziwa: zinali za agogo ena amasiye oyandikana nafe, omwe akulera zidzukulu zitatu. Ndinakazigulitsa ku Bangula, n'kugula ufa ndi pulasitiki yofolera chisakasa. Kumsasa agogowo ankadandaula kuti mbuzi zawo zinapita ndi madzi, ine n'kumawapepesa nawo.

Ndalapa kangapo usiku, misozi ili chuchuchu. Koma tsiku la Mgonero wa Ambuye ndimatuluka panja ngati ndamva kutentha. Agogowo amakhala benchi yakutsogolo, ndipo moni wawo ndi "mwanangu". Pano mpingo ukufuna ndikhale dikoni, wogwira chopereka. Kodi Mulungu anandikhululukira kale, kapena akudikira ndikaulule kwa eni mbuzi?

Mkulu wa mpingo, Ngabu:
Achimwene, werengani Luka 19 mosathamanga. Yesu sanauze Zakeyu kuti ayambe wabweza ndalama za anthu kuti amuchezere. Anamutsitsa mumkuyu, napita kunyumba kwake anthu akung'ung'udza, ndipo m'pamene Zakeyu anaimirira yekha n'kulonjeza kubweza kanayi zonse zimene analanda. Chisomo ndicho chinayamba kulowa m'nyumbamo. Choncho mbuzi ziwiri sizidzakugulirani chikhululukiro. Pa 1 Yohane 1:9 akuti tikavomereza machimo athu Iye amatikhululukira ndi kutisambitsa, ndipo inu munavomereza. Chimene chikukutulutsani m'tchalitchi ndi bodza lomwe mukulidyetsabe. Agogo akati "mwanangu" inu n'kuyankha bwinobwino, mwawonjezera lina. Onaninso Mateyu 5:23-24: mphatso isiyidwe kaye paguwa, munthu akayanjane ndi m'bale wake. Za udikonizo pemphani abusa adikire.

Wakabaza, Nsanje boma:
Ine ndikuona ngati mukudzipweteka, bambo. Nthawi ija kunalibe wakuba, kunali njala. Anthu ankadya nyika za m'dambo. Mukanazisiya pachulupo zikanafa kapena kudyedwa ndi ng'ona. Guleni mbuzi ina mukawapatse ngati mphatso, nkhani ithere pomwepo. Mukaulula mbiri yanu idzawanda mudzi wonse.

Nachisale, Nchalo:
A kabaza, ayi. Ine ndili mbali ya oberedwa. Madzi osefukira a Januwale 2015 atagwetsa nyumba yathu, malata athu anasowa. Patapita zaka zinayi mnansi wathu anabwera ndi atsibweni ake, thumba la mapira lili panjinga. Anakhala pansi, pa fumbi, mpando wakana, n'kunena kuti malata aja ali padenga lake. Ndinapsa mtima kwambiri, ndisaname, moti miyezi iwiri sindinamupatse moni. Koma zaka zonsezo ndinkaganizira mlamu wanga, munthu wosalakwa, mpaka ana athu anasiya kuyenderana. Akanangondipatsa mapira aja ngati mphatso, mlamu wanga ndikanamudabe mpaka lero. Inu a ku Makhanga, simukudziwa amene agogowo akumuganizira mumtima.

Musapite nokha, ndipo musakayambe ndi nkhani ya njala ayi, iwonso anagona nayo. Kanenani zimene munachita, kenako mukhale chete. Akakudzudzulani, landirani.

Wa Kutsidya, Makhanga:
Zikomo nonse. A kabaza, njira yanuyo ndinayesa kale. Chaka chatha ndinawalimira dimba lonse la mbatata osalandira kanthu, iwo n'kundigwira mutu kundipempherera madalitso. Usiku umenewo sindinagone. Mayi Nachisale, zoti mwina akuganizira munthu wina sizinandifikepo m'mutu, ndipo zandiopsa. Ndawauza akazi anga madzulo ano, analira, kenako anati tipite limodzi. Loweruka m'mawa tinyamuka ndi atsibweni komanso mkulu mmodzi wa mpingo. Ndili ndi kamsoti ka mbuzi kamodzi m'khola, nditenga komweko. Yachiwiri ndidzagula ndikagulitsa chitowe. Mundipempherere kuti pakamwa padzatseguke, chifukwa ndikangoganiza za nkhope ya agogowo mawondo akulobodoka.