Gulu la banja: bokosi la kuwala la Tadala

Azakhali Nambewe: Mwaswera bwanji nonse. Tadala akubwerera kusukulu ku Johannesburg pa 14, ndiye bokosi lake lija, lowalitsira maselo pa kafukufuku wake wa kulabu, lithe Loweruka lino. Ndalama zasonkhedwa, chatsala n'kugwirizana zogula. Chifundo akupita ku Lilongwe mawa.

Amalume Yohane: Tadala, tandiuzanso, ma LED, timababu tija, angati, amtundu wanji?

Tadala: 24 amalume, limodzi pansi pa kadzenje kalikonse ka mbale yokulitsiramo maselo. Abuluu, a 470 nm. Ma stem cell anga, maselo otha kusanduka mitundu ina ya maselo, anaikidwa puloteni ya Cry2, yochokera ku chomera cha Arabidopsis, yolumikizidwa ku LRP6, puloteni yolandira uthenga wotchedwa Wnt m'maselo. Kuwala kwabuluu kukawomba, Cry2 imaunjikana, Wnt imayamba kugwira ntchito, kenako maselo amayamba kupanga puloteni ya Brachyury, chizindikiro choti ayamba kusintha. Mukazimitsa, pakangopita mphindi zingapo imabalalikanso. Ndi mankhwala odzutsa Wnt ngati CHIR99021 kuzimitsa kotere sikutheka, mukathira mwathira, kuwachotsa kwake mpaka kusintha madzi onse.

Amalume Yohane: Ndiye Arduino, kakompyuta koyendetsa bokosilo, payokha singasenze zimenezo. Ma LED 24 pa 20 mA lililonse ndi 480 mA, ingapse. Chifundo, lemba TLC5947, chipangizo cholumikiza ku Arduino, imayendetsa ma LED 24, lililonse pa mlingo wake.

Kondwani: Amalume, nkhawa yanga ine ndi kutentha. Bokosili lizikakhala mu incubator, kabati yofunditsira maselo, ya madigiri 37, CO2 ya 5%, chinyezi tho. Ma LED akatenthetsa mbale, madzi a m'timaenje amaphwa, maselo n'kufooka, ndiye Tadala sangadziwe ngati wasintha maselowo ndi Wnt kapena kutentha. Pansi pakhale chitsulo cha aluminiyamu chomwaza kutentha ndi kafani. Pomwe mwawotcherera mawaya mupakepo vanishi wa zamagetsi, apo ayi pachita dzimbiri.

Tadala: Zoona achimwene. Komanso 20 mA yonseyo sindiifuna, ndikufuna kuwala kosapitirira 1 µW/mm². Kukachuluka, mankhwala a riboflavin ndi HEPES a m'madzi okulitsiramo maselo amatulutsa hydrogen peroxide, maselo n'kufa.

Amalume Yohane: Tichepetsa ndi PWM, kuyatsa ndi kuzimitsa LED mothamanga kwambiri. Pamwamba pa LED lililonse ndiika pulasitiki yoyera yomwaza kuwala, kuti pakati pasawale kuposa m'mbali. Pakati pa timaenje pakhala timakoma takuda.

Kondwani: Timakomato musatinyozere. Timaenje tina tizikhala mumdima poyerekezera, ndipo Cry2 imadzuka ngakhale ndi kuwala kodontha kuchokera kwa mnzake.

Azakhali Nambewe: Nanga mwana wanga, ukamatsegula incubator magetsi a m'chipindamo sasokoneza?

Tadala: Amasokoneza azakhali, kuwala koyera kuli ndi buluu. Timagwira ntchito ndi babu lofiira lokha, mbale n'kuikulunga m'foyilo. Amalume, ma LED samawala mofanana ngakhale achokere m'paketi imodzi. Ndikayeza lililonse ndi mita yoyezera kuwala ya kulabu, ndiye pulogalamu muisiye yoti ndizitha kusintha mlingo wa kuwala kwa LED lililonse.

Amalume Yohane: Chabwino. Chifundo, ma LED ugule 30, ena amapsa powotcherera. TLC5947 ikasowa ku Lilongwe undiimbire, ndisiya malo ake, Tadala akaigulire konko. Kafani usagule, ndichotsa pa kompyuta yakufa ija ili kushopu ku Kamuzu Road.